Zitsulo za achemwali ndi zitunda za kwa Nsabwe

Kwathu kwa Nsabwe kulibe malo athyathyathya. Ukatuluka m'nyumba, kaya wa kumadzi, kaya wa kuchigayo, kaya kukapala moto kwa anansi, ukwera kapena utsika basi. Minda ya tiyi imene alendo amakonda kujambula, ija yosalala ngati mphasa yobiriwira, imatsalira cha ku Makwasa. Ukalowera ku Thekerani dziko limayamba kuthyokathyoka, mapiri kusanjikizana, zigwa kuzama, mpaka kukagwera mumtsinje wa Ruo, kumene tsidya linalo ndi Mozambique. Munthu wa miyendo yake iwiri yabwinobwino amafika pamwamba ali wefuwefu. Ndiye taganizani za mwana amene miyendo inamufota ali ndi zaka zinayi.

Mwana ameneyo anali achemwali anga. Ine ndinabadwa iwo atadwala kale, choncho za matendawo ndinachita kumva kwa amayi. Kunali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Thupi linatentha, amayi n'kumati ndi malungo. Patapita masiku angapo kutentha kunatsika, koma mwana atati adzuke, mwendo wamanzere unangoti lende ngati chingwe chonyowa, wamanja nawo wopanda mphamvu. Pamudzi panabuka zokamba. Ena ankati ndi jekeseni amene anamubaya. Ena ankaloza chala gogo wina wa kutsidya kwa dambo, amene sanalakwe kanthu. Enanso ankanong'ona za tsempho, maso ali pa abambo amene ankagonera kuesiteti. Mawu oti poliyo anadzafika mochedwa, ndipo pamene ankafika n'kuti mabanja ena atasiya kale kupatsana moni.

Lero tikudziwa kuti kachilombo ka poliyo kamalowera pakamwa, kudzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu amene ali nako. Ana ambiri kamawadutsa osawasiyira chizindikiro, koma pafupifupi mmodzi mwa ana 200 kamakamuwonongera mitsempha yoyendetsa minofu, ndipo chafota chafota. Choonjeza ululu n'chakuti mwana akayamba kukwawa, mawondo ndi chiuno zimazolowera kupinda, minofu n'kufupika, mwendo n'kuumiratu chopindika. Achemwali anakwawa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndimawakumbukira atavala patapata m'manja, osati kumapazi, mawondo ali kakalakakala ngati khungwa la mtengo wa mango. Nyengo ya chiperoni dothi lofiira lija likaterera, ankafika pakhonde ali matope mpaka m'chigongono, koma mbale imene anatumidwa ili yoyera, poti ankaikankha patsogolo pawo mosamala. Ulendo wa kutchalitchi unali wa pamsana pa amayi, ndipo mwana atakula, mapazi ake ankalendewera mpaka kuseri kwa mawondo a amayiwo. Sukulu inali kuseri kwa zitunda ziwiri. Sanaiyambe.

Zitunda zimenezi sitinachite kuzisankha ayi. Anganga ankati makolo awo, Alhomwe, anaoloka malire kuchokera ku Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kupeza kuti malo abwino a ku Thyolo ali kale m'manja mwa azungu a maesiteti. Wofuna kukhala pamalopo ankalipira ndi thukuta, ndiye thangata ija. Mkwiyo wake unaphulika mu 1953, chipolowe chitayambira ku esiteti ya Mangunda, ndipo thangata inadzatha ndi lamulo la mu 1962. Koma malo sanabwerere. Anthu ochuluka anapanikizana m'malo a mafumu, kulima ndi kumanga m'mapiri momwe khasu umachita kulimira choimirira. Esiteti nayo imadziwa munthu ndi sikelo. Abambo ankalowa m'munda m'mamawa, dengu kumsana, kuthyola masamba awiri ndi nsonga yake tsiku lonse ali chilili, kalaliki n'kulemba makilogalamu. M'dziko limene mtengo wa munthu ndi kulemera kwa dengu lake, mwana wosaimirira ankawerengedwa ngati pakamwa pongodya. Palibe ankanena mawu amenewa poyera, koma achemwali ankawamva.

Chithandizo cha anthu olumala m'dera lino sichinayambe ndi poliyo. Chinayamba ndi khate. Mishoni ya Malamulo ku Makwasa, imene a Seventh-day Adventist anaitenga mu 1902, inatsegula mudzi wa odwala khate chapakati pa zaka za m'ma 1920, nthawi ya Dr Carl Birkenstock, ndipo mbiri yake inafika kutali. Anthu ankachokera m'maboma ena ngakhale kunja kwa dziko lino, ena pansi, ena pamachira. Mlongo wawo wa anganga anali mmodzi mwa iwo. Anganga ankafotokoza za jekeseni wa mafuta a mtengo, wowawa zedi, ndi timinda timene odwalawo ankalima okha, ndi mmene mlongo wawoyo anabwerera patatha zaka, zala zitatha, koma akudziwa kuwerenga. Ankawayamikira amishoniwo ndi mtima wonse. Komabe nkhani imeneyi sankaimaliza osanena kuti pamene mlongo wawo ankabwera anapeza mkazi atakwatiwa kwina, ana osamuzindikira. Kuti uchire unkayenera kuchoka kwanu.

Zinthu zinatembenuka bungwe la LEPRA litayamba ntchito yake m'chigawo cha kummwera chapakati pa zaka za m'ma 1960. Iwo m'malo mosonkhanitsa odwala pamalo amodzi, ankatumiza mankhwala kwa odwalawo. Galimoto ya Land Rover inkafika pomwe msewu wathera, kuchokera apo wantchito n'kupalasa njinga kukapereka mapiritsi pansi pa mtengo, tsiku lodziwika. Munthu ankamwa mankhwala akugona m'nyumba mwake, akulima munda wake. Pofika mu 1994 khate linali litachepa mpaka dziko la Malawi kuwerengedwa kuti lathana nalo ngati vuto lalikulu la zaumoyo, ngakhale silinatheretu. Ndaikamba nkhaniyi chifukwa kwa ine muyeso wa chithandizo chilichonse kwa Nsabwe ndi womwewu: ndani akukwera chitunda, wothandiza kapena wothandizidwa?

Bungwe la Malawi Against Polio, limene aliyense amangoti MAP, linakhazikitsidwa mu 1979, ndipo a Rotary anali m'gulu la olithandiza pachiyambi. Ntchito yake inali yooneka ndi maso: kuwongola miyendo yopindika, kupanga zitsulo zogwiriziza miyendo, ndodo zoyendera, nsapato ndi njinga za olumala, ndi kuyendera zipatala za m'maboma kukaona ana. Kwathu mbiri yake inafika kudzera pa wailesi ndi kutchalitchi, koma amene anakhulupiriritsa banja lathu anali mnyamata wina wa ku Sandama amene atsibweni anamuona ndi maso awo akuyenda ndi ndodo, iwo akumudziwa kuti ankakwawa.

Atsibweniwo anabwera madzulo omwewo osayamba adutsa kwawo.

"Achemwali," anatero kwa amayi, "mwana uyu tipite naye ku Blantyre. Ndalama ya sitima ndidula nthochi zanga."

"Achimwene, nanga akakamudula miyendo?"

"Amene ndamuona ine miyendo ali nayo yonse. Ngati mukuopa, ndikamugoneka ndine pabedipo."

Anganga sanayankhulepo. M'mawa mwake anamasula pamfundo ya chitenje chawo n'kupereka ndalama zimene ankasungira nsalu ya pamaliro awo.

Masiku amenewo Thekerani inkapuma ndi sitima. Njanji imene inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, imatsata Ruo m'munsi mwa mapiri athu, ndipo kutsikira kusiteshoni ndi ulendo wakewake. Atsibweni anabereka achemwali njira yonse, amayi atasenza kamtolo ka ufa ndi poto. Sitima inali yodzaza mikoko ya nthochi, nkhuku ndi anthu, n'kumaima pa Sandama, pa Luchenza, mpaka Limbe. Achemwali amati chimene anadabwa nacho sichinali nyumba zosanja kapena magetsi. Chinali kuona pabwalo la chipatala cha Gulupu ana ena ambirimbiri a miyendo ngati yawo. Kufikira tsiku limenelo ankayesa kuti padziko lonse alipo okha.

Zitsulo sizivalidwa pa mwendo wopindika, ndiye poyamba panali opaleshoni yomasula minofu imene inafupika, kenaka chikhakha kuyambira m'ntchafu mpaka kumapazi kwa milungu ingapo. Atachotsa chikhakha ndiye kuyeza. Zitsulozo n'zosavuta kuzifotokoza: timitengo tiwiri tachitsulo m'mbali mwa mwendo, mkombero wokutidwa ndi chikopa pamwamba, chikopa china chomanga pabondo kuti lisapinde, ndipo m'munsi zitsulozo n'kulowa m'chidendene cha nsapato yathabwa. Zamtunduwu zinafala mu Africa chifukwa cha ntchito ya dokotala Ronald Huckstep ku Uganda m'zaka za m'ma 1960, amene anaona kuti mwana wa kumudzi akufunika chinthu chotchipa, chopangidwa ndi zipangizo zopezeka pompo, osati chochokera kunja chimene chikathyoka chathyoka. Mmisiri amene anayeza achemwali nayenso ankayendera ndodo. Amayi sanaiwale zimenezi mpaka kumwalira kwawo. Ankati bambo uja atawerama n'kugwira phazi la mwana wawo osanyansidwa, n'kumufunsa mwanayo, osati iwo, ngati chikopa chikumuthina, ndi pamene anadziwa kuti sanataye ndalama za anganga.

Tsiku limene achemwali anabwera ndinali ndi zaka zisanu, ndipo ndilo chinthu chimene ndimachikumbukira bwinobwino pa moyo wanga. Atsibweni anawatsitsa pabwalo, n'kuwapatsa ndodo ziwiri. Anaimirira. Mudzi wonse unali pompo, ngakhale aja ankanong'ona za tsempho. Ine ndinayang'ana m'mwamba n'kufunsa kuti, "Achemwali, kani ndinu aatali chonchi?" Anthu anaseka, amayi akulira. Ndinali ndisanaonepo nkhope yawo kuchokera m'munsi.

Chaka chotsatira anayamba sitandade 1 ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, pakati pa tiana tofika m'chiuno mwawo. Ankanyamuka tambala wachiwiri kuti afike nthawi yabwino.

Apa ndi pomwe nkhani za mabungwe zimakonda kuthera, mwana ataimirira, anthu akuomba m'manja. Koma chitsulo sichikula, pomwe mwana amakula. Pakatha chaka mkombero uja umayamba kudya m'ntchafu, nsapato kuthina, chilonda kutuluka pabondo. Mphira za kunsi kwa ndodo zinkatha pamiyezi yochepa pamiyala ya kwathu, ndipo ndodo yopanda mphira pa dothi lonyowa ndi msampha. Abambo anaphunzira kudula zidutswa za teyala lakale n'kukhomera. Chikopa chikaduka ankasoka wosoka nsapato wa pamsika. Chitsulo chikathyoka ankachitengera kwa wowotcherera. Koma kukulitsa zitsulozo kunkafuna ulendo wa ku tauni, ndipo ulendo uliwonse unali mikoko ingapo ya nthochi ndi masiku a ntchito otayika. A MAP ankayesetsa kufika m'zipatala za m'maboma, ndipo kuyambira mu 1985 Dr Edward Blair wa ku Canada anayamba kuphunzitsa ku Blantyre makiliniko ofesa a mafupa, amene anadzafalikira m'zipatala za m'maboma m'dziko lonse. Zimenezi zinafupikitsa mtunda. Koma kwa munthu wa kwa Nsabwe, ngakhale ku boma la Thyolo kunali kutali, pa msewu wafumbi umene mvula ikagwa galimoto zinkagona m'matope. Ndikudziwa ana awiri a msinkhu wa achemwali amene analandira zitsulo nthawi yomweyo, zitawathina n'kuzipachika kudenga, iwo n'kubwerera pansi. Makolo awo sanali ouma mtima. Analibe nthochi.

Kenaka nthochi zinatha kwa tonse. Matenda a chisaka analowa m'minda, mitengo n'kumangoti nyankhalala osabereka, mpaka dera limene linkadyetsa Limbe ndi Blantyre linayamba kugula nthochi zochokera kwina. Sitima nayo inayamba kusowa. Madzi atakokolola njanji ku Chiromo mu 1997 inkabwerera pa Makhanga, maulendo n'kumachepa, ndipo madzi osefukira a mu 2015 anaononganso njanjiyo m'malo ambiri. Msewu wa phula wochokera ku Thyolo kudzera ku Makwasa ndi Thekerani kulowera ku Muona unalonjezedwa kwa zaka zambirimbiri usanaoneke. Anthu akamakamba za kugwa kwa nthochi ndi sitima amawerengera ndalama za alimi ndi a geni. Sindinamvepo wina akuwerengera miyendo imene inapindikanso chifukwa chosowa thiransipoti.

Achemwali anapulumukira pa makina osokera. Ena anzawo anapita ku sukulu ya ntchito zamanja ya bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA ku Magomero m'boma la Chiradzulu, koma iwo anaphunzira pakhonde la sitolo kwa telala wina wachikulire, pa makina opukusa ndi dzanja, poti opalasa ndi phazi sakanawatha. Mayunifolomu a ana a sukulu, madiresi a amayi a mvano, zigamba za ovololo za anthu a kuesiteti, zonsezi zadutsa m'manja mwawo, ndipo fizi yanga ya ku sekondale inachokera pa makina amenewo. Aja ankawerengedwa ngati pakamwa pongodya ndi amene anandiphunzitsa.

Atakula analandiranso njinga ya MAP ya mateyala atatu, yopalasa ndi manja. Njinga imeneyi ndiikambe mwachilungamo. Ku Luchenza kapena ku Nchalo, kumene dziko ndi logona, imasintha moyo wa munthu. Kwa Nsabwe, pokwera pamafunika ana awiri okankha, ndipo potsika mtima umakhala m'mwamba. Achemwali ankaigwiritsa ntchito pakati pa nyumba imene ankachita lendi ndi pamsika, osapitirira apo. Koma inali ndi ubwino umodzi waukulu: mateyala, tcheni, masipoko, zonse zinali za njinga wamba, moti wokonza njinga aliyense pansi pa mtengo ankaidziwa. Inakhala zaka zoposa khumi. Yerekezani ndi zikuku zimene gulu lina la alendo linadzagawa chaka china, zonyezimira, za timateyala ting'onoting'ono topangidwira pansi pa simenti ya m'chipatala. Panali zolankhula, panali kujambula. Mvula yoyamba isanathe zambiri zinali zitaguluka mateyala, ndipo chitsulo chake panalibe pochipeza. Alendowo sanabwerenso kudzaona. Sindikayika kuti anali ndi mtima wabwino, koma sanayendepo njira ya kumadzi ya munthu mmodzi yemwe mwa anthu amene anawapatsa zikukuzo.

Katemera anagwira ntchito yake. Madontho aja amene azaumoyo ankadonthezera ana m'kamwa pasikelo anachititsa kuti Malawi aone wodwala poliyo womaliza mu 1992, ndipo MAP inasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities, zilembo n'kukhala zomwezo. Kusinthako kunali koyenera, pakuti akulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Lero amene akudzaza mabedi ochepa a ku Kachere, malo ophunzitsirako anthu kuyendanso kufupi ndi chipatala cha Gulupu, ndi akuluakulu amene afa ziwalo ndi sitiroko, ndi anthu othyoka msana pangozi. Kwathu muwapeza anyamata a kabaza amene njinga yamoto inawaponya m'phompho, agogo odulidwa mwendo chifukwa cha shuga, ndi ana amene anavulala ubongo pobadwa chifukwa mayi anachedwa m'njira. Ana obadwa ndi mapazi opindikira mkati tsopano amawongoledwa ndi zikhakha akadali makanda, ndipo chipatala cha Beit CURE chimene chinatsegulidwa ku Blantyre mu 2002 chimathandiza ana otere kwaulere. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wamtundu wina. Si anthu ochepa oti n'kumawakumbukira pa Khirisimasi pokha.

Poliyo nayenso anatikumbutsa kuti sanafe. Mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka naye, patatha zaka 30, ndipo kachilomboko kanali kofanana ndi ka ku Pakistan. Azaumoyo atayamba kuyenda khomo ndi khomo ndi katemera, amayi ena pamudzi ankabisa ana chifukwa cha mphekesera. Achemwali anaimitsa makina, n'kukhala pakhonde, zitsulo zili poyera, kuitana mayi aliyense wodutsa: "Amake mwana, bwerani muone. Ine madontho amenewo sanandipeze." Sanafune kunena zambiri.

Mu March 2023 namondwe wa Freddy atagumula mapiri, funso la amene ankakhala ndi munthu wosayenda linali lakale lomwe lija: abereka ndani? Achemwali anatulutsidwa m'nyumba usiku ndi mwana wa mlongo wawo, pamsana, monga zaka makumi anayi zapitazo. Ndodo imodzi inapita ndi madzi.

Malamulo alipo. Lamulo la mu 1971 ndi limene linabala MACOHA, mu 2012 kunabwera lamulo la za ulumali, ndipo la mu 2024 linaphatikiza zonse n'kusintha MACOHA kukhala MACODA. Bungwe la FEDOMA lakhala likulankhulira anthu aulumali kuyambira mu 1999. Zonsezi n'zabwino ndipo ndimazilemekeza. Koma kwa Nsabwe lamulo limayamba kugwira ntchito tsiku limene mmisiri wafika ndi tepi yoyezera.

Pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndikulipereka kwa a MAP, a MACODA, a khonsolo ya Thyolo, mafumu athu, ndi eni maesiteti a tiyi amene madengu awo asenzedwa ndi makolo athu kwa zaka zoposa 100. Pakhale tsiku lodziwika, ngakhale kamodzi pa miyezi itatu, loti mmisiri wa zitsulo ndi wophunzitsa mafizo azifika pa Thekerani, tsiku losasinthasintha loti mayi wa kuseri kwa phiri angaliwerengere. Tengani okonza njinga awiri kapena atatu a pamsika, ndi wosoka nsapato mmodzi, muwaphunzitse kukonza zitsulo, ndodo ndi zikuku, muwasiyire mphira ndi zikopa. Galimoto za maesiteti zimayenda m'misewu imeneyi kale, ndipo phula linafika. Achemwali tsopano adutsa zaka 50, mapewa ayamba kuwawa chifukwa cha ndodo, ndipo chitsulo cha mwendo wamanzere chinathyoka pabondo dzinja lathali. Pakali pano achimanga ndi mphira ya chubu cha njinga.